Kuteteza BP kuti isagwe poika chubu chopumira mwadzidzidzi kwa wodwala kwambiri

Ambiri a ife tinaphunzira kuopa chinthu chimodzi poika chubu chopumira: kutsegula pakamwa n'kulephera kuona kholingo. N'chifukwa chake maso onse m'chipindamo amathera pa laryngoscope (chida choonera kholingo), ndipo chubu chikangolowa mitima imakhala pansi, wina n'kuyamba kufunafuna pulasitala. Apa n'kuti papita mphindi zisanu popanda woyang'ana BP. Poiyeza imapezeka ili 60/30, mwinanso osawerengeka n'komwe.

Vutoli si la kuno kokha. Kafukufuku wa INTUBE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anatsatira odwala akuluakulu 2,964 m'maiko 29. Mwa odwala 100 alionse, pafupifupi 43 BP yawo inagwa kapena anafunika mankhwala oikweza, 9 okosijeni wawo anatsika koopsa, ndipo 3 mtima unaima. Kuno ku Blantyre odwala amatipeza mochedwa, madzi atatha m'thupi, magazi ali ochepa, ena TB kapena HIV itapita patali. Palibe chifukwa choganizira kuti kwathu zinthu n'zopepukirapo.

Malangizowa ndalembera anzanga amene anaphunzira kale kuika chubu: ma anaesthetic clinical officer, madokotala ndi anamwino a ku AETC (kolandirira akuluakulu odwala mwadzidzidzi ndi ovulala), ku ICU, ku HDU (kwa odwala ofunika kuyang'aniridwa pafupipafupi) ndi ku Chatinkha pa Queens, komanso a m'zipatala zina za mumzinda muno. Sakulowa m'malo mwa ndondomeko ya dipatimenti yanu kapena mawu a wamkulu amene ali pa call. Chimene ndikufuna mutolepo n'chakuti BP ya pambuyo pa chubu imakonzedwa chubucho chisanatuluke m'pepala lake.

Chimene chimagwetsa BP

Munthu amene akupuma movutikira, kapena amene magazi akumuthera, thupi lake limatulutsa adrenaline wochuluka. Mtima umathamanga, mitsempha imafinyika, BP n'kumaoneka ngati ilipo. Ali ngati nthochi yolemedwa ndi mkoko, yomwe yaimirira chifukwa cha mtengo wa mphanda umene mwini munda anaichirikiza nawo. Mankhwala ogonetsa amachotsa mphandayo. Kachiwiri, munthu akamapuma yekha chifuwa chimakoka mpweya, ndipo kukokako kumathandizanso magazi kubwerera kumtima. Tikayamba kumupopera mpweya zinthu zimatembenuka: m'chifuwa mumadzaza mphamvu yokankha, magazi obwerera kumtima amachepa, ndipo mtima umangopopa zochepa zomwe walandirazo. Kachitatu, pa nthawi imene sakupuma okosijeni amatsika, carbon dioxide amakwera, asidi amachuluka m'magazi, ndipo mtima wotopa kale sulimba nazo. Zitatuzi zimabwera pamodzi m'mphindi zosakwana zisanu.

1. Dzifunseni ngati chubu sichingadikire mphindi 10

Alipo odwala amene sangadikire: wosiya kupuma amene masiki yakanika, wotsamwa ndi magazi, wopsa kumaso amene pakhosi pakutupa inu mukuona. Amenewo ndi ochepa. Ambiri mukhoza kuwagwirizira ndi masiki, kukweza nsagwada, kuika Guedel (kachubu ka m'kamwa kotsegula njira ya mpweya) ndi kuyamwa zam'kamwa ndi suction pamene anzanu akukonza zina. Mmene ndimaonera, changu chathu nthawi zambiri chimachokera ku nkhawa yathu, osati kwa wodwalayo.

Funso lachiwiri ndi loti chubu chikalowa adzapuma ndi chiyani. Mabedi a ku ICU ndi ochepa, tonse tikudziwa, ndiye imbani foni musanayambe. Ngati ventilator (makina opumitsa wodwala) palibe, gwirizanani amene adzapope Ambu (thumba lopopera mpweya ndi manja) ndi amene adzamulandire akatopa. Gadiyani amene waima pakhomo auzidwenso: "Mayi, bambowa akulephera kupuma okha. Tiwagonetsa kuti tiwaike chubu chowathandiza kupuma. Pochita zimenezi mtima ukhoza kufooka, koma takonzekera." Mawu amenewa satenga nthawi.

2. Musakhutire ndi nambala ya pamwamba

BP ya 105/60 imanyenga. Gawani kugunda kwa mtima ndi nambala ya pamwamba ya BP, mupeze shock index. Ngati mtima ukugunda ka 126 pa mphindi ndipo BP ndi 105/60, shock index ndi 1.2. Munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 0.5 ndi 0.7. Ikafika 0.8 yembekezerani kuti BP igwa mukagonetsa, ndipo ikadutsa 0.9 kapena 1 muli ndi wodwala amene mtima ukhoza kuima. Gwirani manja ndi maondo ake: ngati akuzizira, ndipo mukafinya chala magazi akuchedwa kubwerera kupitirira masekondi atatu, BP imene mukuionayo ndi ya mphanda ija.

Werengetsaninso MAP, yomwe ndi BP ya pakatikati: nambala ya pansi, kuphatikizapo gawo limodzi mwa magawo atatu a kusiyana kwa nambala ziwirizo. Pa 105/60 kusiyana ndi 45, gawo lake ndi 15, MAP ndi 75. Cholinga chathu n'chakuti isatsike pansi pa 65. Wovulala m'mutu, monga awa amene amagwa pa kabaza tsiku ndi tsiku, amafuna yokwererapo: kwa wazaka 15 mpaka 49 nambala ya pamwamba isatsike pansi pa 110. Ubongo wotupa sukhululuka. Kugwa kwa BP kamodzi kokha pansi pa 90 kumaonjezera kwambiri mwayi woti amwalire.

Wokalamba, wodwala impso, ndi amene amamwa mankhwala a BP kapena ochedwetsa mtima monga atenolol, muwaike m'gulu loopsa ngakhale shock index ikuoneka yabwino.

3. Makanyula awiri ndi munthu wa BP

Ikani makanyula awiri aakulu, 16G kapena 18G, pa mikono yosiyana ngati n'kotheka, ndipo muyese onse ndi saline kuti muone ngati akuyenda. Kanyula wa dzulo amene wafiira m'mbali musamudalire. Lamba wa BP akhale pa mkono womwe sukulandira mankhwala ogonetsa, chifukwa akafufuma amatseka diripi. Monita muitchere kuti iziyeza yokha mphindi iliyonse kapena ziwiri zilizonse. Ngati monita palibe, kapena batire yake yatha magetsi atazima, musankhe munthu mmodzi wa ntchito imeneyi yokha: chala chake chikhale pa mtsempha wa m'chuuno kapena wa pakhosi, ndipo azinena mokweza akamva kuti ukufooka.

4. Madzi: kwa ndani, angati

Apa ndi pamene chizolowezi chathu chimafunika kuchiunikanso. Ambiri tinazolowera kutsegula diripi ya 500 ml kwa aliyense amene tikufuna kumuika chubu, n'kumaona ngati tatetezeka. Kafukufuku wa PrePARE mu 2019, wa odwala 337, ndi wa PREPARE II mu 2022, wa odwala 1,065, anayesa zimenezi ndendende. Onse awiri anapeza kuti madzi okwana 500 ml operekedwa pa nthawi yogonetsa sanachepetse kugwa kwa BP. Mu PREPARE II, BP inagwa mwa odwala 21 mwa 100 amene analandira madzi ndi 18 mwa 100 amene sanalandire. Pafupi ndi kwathu kuno, ku Lusaka, kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 anayang'ana odwala sepsis 209 a BP yotsika, ambiri a iwo ali ndi HIV. M'gulu limene linathiridwa madzi ambiri mwachangu anamwalira 48 mwa 100, pamene m'gulu linalo anamwalira 33 mwa 100. Odwala amenewo amafanana kwambiri ndi amene timawalandira ku AETC.

Izi sizikutanthauza kuti madzi ndi oipa. Zikutanthauza kuti madzi ndi mankhwala, ndipo amathandiza amene akuwasowa. Wa kolera kapena wotsegula m'mimba kwa masiku, wa DKA (shuga wokwera pamodzi ndi asidi m'magazi), wa matumbo otsekeka, wa typhoid imene yaboola matumbo, wopsa ndi moto: amenewa mitsempha yawo ndi youma, ndipo mukawapopera mpweya asanadzaze BP imagwa nthawi yomweyo. Apatseni Ringer's lactate 250 kapena 500 ml mwachangu, muyezenso kugunda kwa mtima, BP ndi kutentha kwa manja, mumvetsere m'mapapo, kenako muganize ngati muonjezere. Chitani zimenezi m'mphindi 10 zija, osati ketamine atalowa kale. Ngati mukukayika, kwezani miyendo yake yonse kwa mphindi imodzi. BP ikakwerako, madzi amuthandiza.

Wotaya magazi akufunika magazi. Mayi amene akutaya magazi atabereka, kapena wa ngozi ya pamsewu, mukamuthira saline wambiri mumangosungunula magazi otsalawo n'kumuziziritsa. Tumizani sampulo ku labu msanga, tsekani potuluka magazi, mangani chiuno ngati mukuganiza kuti mafupa ake athyoka, ndipo perekani tranexamic acid 1 g ngati maola atatu sanadutse. Ngati mpweya wake ukulola, wodwala wotere ndi bwino kumugonetsera ku fiyeta, dokotala wa opaleshoni atavala kale ndipo magazi ali pa sitandi.

Ena madzi amawamiza: wa mtima wa rheumatic, mayi amene mtima wafooka atangobereka, wa impso zosagwira, ndi wa mapapo odzaza kale. Ngati pali ultrasound pafupi ndipo mumaidziwa, ikani pa mtima kwa mphindi imodzi. TB imaunjika madzi mozungulira mtima, ndipo timaiona kawirikawiri kuno. Wodwala amene mtima wake wapanikizika ndi madzi otere, mitsempha ya pakhosi itatupa, akhoza kufera m'manja mwanu mukangomupopera mpweya. Madziwo achotsedwe kaye. Chimodzimodzi wa nthiti zothyoka amene mbali imodzi ya chifuwa sikumveka mpweya: chest drain (chubu chotulutsa mpweya kapena magazi m'chifuwa) ilowe kaye, kapena ikhale yotsegula kale pa thireyi.

5. Sungunulani adrenaline musanatenge laryngoscope

Ngati pali sitepe imene sindingalole kuti idumphidwe, ndi imeneyi. Kusungunula adrenaline BP itagwa kale, manja akunjenjemera, ndiko kumabweretsa zolakwika za mlingo.

Kabotolo ka adrenaline kali ndi 1 mg mu 1 ml. Tengani sirinji ya 10 ml, kokani 1 ml yonseyo, muonjezere saline 9 ml. Tsopano mu 1 ml iliyonse muli 100 mcg, ndipo ameneyu akadali wamphamvu kwambiri kwa munthu amene mtima ukugunda. Tengani sirinji yachiwiri, kokanimo 1 ml kuchokera mu yoyambayo, muonjezerenso saline 9 ml. Iyi ndiye yogwiritsa ntchito: 10 mcg mu 1 ml. Dulani kapulasitala, mulembepo ndi cholembera "ADRENALINE 10 mcg/ml", mumate pa sirinjiyo, mnzanu awerenge mokweza. Sirinji yoyamba ija ichoke pa thireyi nthawi yomweyo. Masirinji awiri ofanana, amadzi oyera onse, akagona pamodzi tsiku lina wina adzatola yolakwika, ndipo 100 mcg kapena kuposerapo ikhoza kusokoneza kagundidwe ka mtima.

Mlingo wake ndi 1 ml kapena 2 ml, ndiye kuti 10 mpaka 20 mcg, n'kukankhira ndi saline. Amayamba kugwira ntchito mphindi isanathe ndipo amatha pakapita mphindi 5 mpaka 10, choncho mukhoza kubwereza pakapita mphindi ziwiri mpaka zisanu. Ngati mwabwereza kawiri kapena katatu, wodwalayo akufunika wa m'diripi.

Kwa wodwala amene MAP ili pansi pa 65, kapena shock index yafika 1 ngakhale mwamupatsa madzi oyenera, maganizo anga ndi akuti mankhwala okweza BP ayambe kuyenda musanagonetse. Noradrenaline ndiye woyamba pa sepsis ngati alipo, ndipo malangizo a Surviving Sepsis a 2021 amalola kumuyambira pa kanyula wa pamkono m'malo modikira central line (kanyula wautali wa m'mtsempha waukulu wa m'kati), bola akhale mtsempha waukulu wa pachigongono kapena kumtunda kwake. Ngati palibe noradrenaline ndi pampu, adrenaline wa m'diripi amagwira ntchito. Thirani 2 mg mu saline wa 500 ml, zipereka 4 mcg mu 1 ml. Pa giving set ya madontho 20 pa 1 ml, madontho 15 pa mphindi ndi 3 mcg pa mphindi, poyambira pabwino kwa munthu wa makilogalamu 60. Lembani pa botolo ndi zilembo zazikulu, kanyula ameneyo akhale wa adrenaline yekha, wina asakankhirepo mankhwala ena, ndipo muziyang'ana pakhungu ngati sipakutupa kapena kuyera.

Ephedrine amathandiza ku fiyeta pa spinal, koma mbali ina ya ntchito yake ndi kutulutsa noradrenaline wa m'thupi mwa wodwalayo, ndiye kwa munthu amene walimbana ndi sepsis kwa masiku amagwira mofooka. Wa mitral stenosis (valavu ya mtima yofinyika) ndi nkhani ina: mtima ukathamanga mapapo amadzaza madzi, choncho itanani wamkulu musanasankhe mankhwala.

6. Dzazani mapapo ndi okosijeni

Okosijeni akatsika mtima umayamba kuchedwa, BP n'kutsatira, ndiye kuteteza mpweya n'kutetezanso BP. Concentrator imapereka malita 5 kapena 10 pa mphindi ndipo imadalira magetsi. Pa ntchito iyi funani silinda kapena okosijeni wa pakhoma, muone geji musanayambe. Ikani tizingwe ta m'mphuno, pamwamba pake masiki ya thumba pa malita 15, kwa mphindi zitatu zathunthu. Tizingweto tikhale pomwepo mpaka chubu chilowe. Kwezani mutu wa bedi pang'ono, koma kwa wa BP yotsika kwambiri musamukhazike tsonga.

Ngati muli ndi makina a CPAP kapena BiPAP (okankha mpweya kudzera pa masiki), agwiritseni ntchito: mu kafukufuku wa PREOXI wa 2024, okosijeni anatsika mwa odwala 9 mwa 100 amene anakonzedwa ndi BiPAP, poyerekeza ndi 18 mwa 100 a masiki wamba. Tinaphunzitsidwanso kuti wodwala akagona tisamupopere mpweya kuopa masanzi. Kafukufuku wa PreVent wa 2019 anaonetsa kuti kupopa mofatsa ndi Ambu pa nthawi yodikira mankhwala kunachepetsa ndi theka kutsika koopsa kwa okosijeni, ndipo olowetsa masanzi m'mapapo sanachuluke. Wa mimba yodzaza chifukwa cha matumbo otsekeka muikeni NG tube (chubu chodzera m'mphuno kufika m'mimba) ndi kuyamwa kaye. Wodwala amene akuvula masiki ndi kumenya manja mupatseni ketamine 10 mpaka 20 mg pang'onopang'ono kuti adekhe koma akupumabe yekha.

7. Ogonetsa achepe, olefula minofu asachepe

Thiopentone ndi propofol amatsegula mitsempha ndi kufooketsa mtima. Mu INTUBE muja, propofol anapezeka kuti amayendera limodzi ndi kugwa kwa BP. Kwa wodwala wa shock asiyeni m'kabati. Diazepam, midazolam ndi pethidine zoonjezera pamwamba nazonso zisiyeni.

Ketamine ndiye amene tili naye ponseponse, ndipo ndi wabwino, koma pali chikhulupiriro choti sagwetsa BP chimene chiyenera kutha. Ketamine amakweza BP podzutsa adrenaline wa m'thupi. Ngati adrenalineyo watha kale, chimatsala ndi mphamvu yake yofooketsa mtima. Akafukufuku oyerekeza ketamine ndi mankhwala ena ogonetsa otchedwa etomidate apeza kuti BP imagwanso ndi ketamine mwa odwala kwambiri. Mlingo wa masiku onse ndi 1 mpaka 2 mg pa kilogalamu. Kwa wa shock yambani ndi 0.5 mg pa kilogalamu. Munthu wa makilogalamu 60 ndiye kuti 30 mg. Ketamine wa 50 mg mu 1 ml ndi wovuta kuyeza pa mlingo wochepa chonchi, choncho kokani 2 ml, muonjezere saline 8 ml, mukhale ndi 10 mg mu 1 ml, mupereke 3 ml. Wovulala m'mutu akhoza kulandira ketamine. Chimene chimaononga ubongo wake ndi kugwa kwa BP ndi okosijeni.

Mankhwala olefula minofu ndiye asachepe, chifukwa magazi akamayenda mofooka amachedwa kufika ku minofu. Suxamethonium ndi 1.5 mg pa kilogalamu, pafupifupi 100 mg kwa wa makilogalamu 60. Rocuronium ndi 1.2 mg pa kilogalamu, pafupifupi 70 mg. Mukapereka, dikirani masekondi 60 mpaka 90. Pa nthawi imeneyi mtima wanu umafuna kuonjezera ketamine poona kuti wodwala akuphethirabe, kenako milingo yonse iwiri imafika pamodzi. Yang'anani wotchi, osati nkhope yake.

Suxamethonium amakweza potassium. Musamupereke kwa wopsa ndi moto pakadutsa tsiku limodzi kapena awiri, wopsinjidwa ndi zipupa kapena matope monga anthu amene anavulala ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, wopuwala ziwalo, wogona pabedi kwa milungu, ndi wa impso amene potassium wakwera. Kwa womwa tameki kapena mankhwala a mbewu a organophosphate, suxamethonium amakhalitsa m'thupi kwa nthawi yaitali; ndipo wodwala ameneyu choyamba chake ndi atropine, mpaka m'chifuwa muume, mtima upitirire ka 80 ndipo BP ya pamwamba idutse 80.

Mayi wa eclampsia amene BP yake ili kumwamba ali ndi vuto losiyana ndi ili. Kwa iye choopsa ndi kukwera kwa BP pa laryngoscope, ndiye milingo yochepayi si yake.

8. Gawanani ntchito mokweza mawu

Musanapereke mankhwala, imani kaye masekondi ochepa aliyense amve ntchito yake. "Sisitala, inu mugwire sirinji ya adrenaline, maso pa monita. BP ya pamwamba ikafika 90 mupereke 1 ml, musadikire kuti ndinene. Achimwene, inu suction ndi bougie." Bougie ndi kandodo kopyapyala kotsogolera chubu. Amene akuika chubu sangayang'anenso BP, ndipo namwino amene wapatsidwa chilolezo poyera sachedwa. Woyamba kuyesa akhale waluso kuposa onse m'chipindamo, chifukwa kuyesa kulikonse koonjezera kumakweza chiopsezo. Wophunzira ali ndi odwala ake oyenera ku fiyeta m'mawa. Mukalephera kawiri, bwererani ku masiki kapena LMA (chubu chokhala pamwamba pa kholingo) ndipo itanani thandizo.

9. Dzanja la pa Ambu

BP yambiri imene tinaisamala bwino mpaka apa imathera m'dzanja la munthu wopopa. Chubu chikalowa aliyense amakhala ndi mphamvu, ndipo wopopayo amafinya thumba ndi manja awiri, mwachangu, mpaka ka 30 pa mphindi osazindikira. Ambu ya munthu wamkulu imalowa mpweya pafupifupi lita imodzi ndi theka, pamene wodwalayo akufunika 400 mpaka 500 ml. Finyani ndi dzanja limodzi, pang'ono pokha moti chifuwa chikwere, kwa sekondi imodzi, kenako tayani. Werengani chamumtima mpaka 5 kapena 6 musanafinyenso. Wotsogolera aziyang'ana dzanja limeneli, ndipo akaona likuthamanga aligwire.

Tsimikizani kuti chubu chili m'njira ya mpweya. Capnograph, makina oonetsa carbon dioxide amene wodwala akutulutsa, ndiye mboni yodalirika. Ngati sikuonetsa mafunde obwerezabwereza, chubu chili kum'mero kwa chakudya mpaka mutatsimikiza kuti sichoncho. Mvetserani m'khwapa zonse ziwiri ndi pamimba. Pa mano chikhale pafupifupi 21 cm kwa amayi ndi 23 cm kwa abambo. Pa ventilator yambani ndi 6 mpaka 8 ml pa kilogalamu, powerengera msinkhu wa munthuyo osati kunenepa kwake, ndi PEEP (mphamvu ya mpweya yotsala m'mapapo wodwala akatulutsa mpweya) ya 5.

Odwala awiri amafuna kapopedwe kawokawo. Wa mphumu mpweya umalowa koma umachedwa kutuluka, ndiye mukapopa mwachangu umaunjikana mpaka kutsekereza magazi obwerera kumtima. Mupopereni ka 8 mpaka 10 pa mphindi, ngakhale kucheperapo, mumupatse nthawi yaitali yotulutsa. Wa DKA kapena wa asidi wochuluka m'magazi amapuma mwachangu ndi mozama kuti adziteteze. Mukamuchepetsera mpweya asidi amakwera, mtima n'kuima. Ameneyu pewani kumuika chubu ngati n'kotheka. Zikakanika, mupopereni ngakhale pa nthawi yodikira mankhwala, ndipo pambuyo pake mutsatire liwiro limene ankapumira yekha.

10. BP ikagwabe

Perekani adrenaline 10 mpaka 20 mcg, tsitsani mutu wa bedi, kwezani miyendo, tsegulani madzi kapena magazi ngati ndi wowasowa. Pamene izi zikuchitika, funani chifukwa. Chotsani Ambu kapena ventilator pa chubu kwa masekondi angapo, mukanikize chifuwa mofatsa. Mukamva mpweya ukutuluka kwa nthawi yaitali ndipo BP ikubwerera, vuto linali kapopedwe. Onaninso capnograph ndi kuya kwa chubu. Ngati mbali imodzi ya chifuwa yatupa, sikumveka mpweya, ndipo thumba likulimba pofinya, booleni ndi kanyula wamkulu pakati pa nthiti yachinayi ndi yachisanu, patsogolo pang'ono pa mzere wa pakati pa khwapa, osadikira X-ray. Ngati munapereka suxamethonium ndipo mafunde a ECG akutambasuka, perekani calcium gluconate. Zidzolo, kulira kwa m'chifuwa ndi kutupa kumaso zikuloza ku anaphylaxis, kuwengidwa koopsa ndi mankhwala. Mimba imene ikukula ikuloza ku magazi otayikira m'kati. Mtsempha ukasiya kumveka, yambani CPR nthawi yomweyo ndi adrenaline 1 mg wa kabotolo katsopano, n'kumabwereza pakapita mphindi zitatu mpaka zisanu, uku mukufufuzabe zifukwa zomwezi.

11. Theka la ola lotsatira

Musachoke pa bedi msanga, BP imatha kugwa mphindi 15 kapena 30 chubu chitalowa. Pitirizani kuyeza mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse. Kumbukirani kuti ketamine wochepa uja amatha pakapita mphindi 10 mpaka 15, pamene rocuronium amatha kufika ola: wodwala akhoza kukhala maso koma osatha kugwedezeka. Misozi, thukuta ndi kukwera kwadzidzidzi kwa mtima zikuuzeni zimenezi. Muonjezereni ketamine 10 mpaka 20 mg mobwereza, ndipo morphine wa 1 kapena 2 mg ayambe BP ikakhazikika.

Popita ku ICU, ku CT kapena ku fiyeta, sirinji ya adrenaline ipite nanu m'dzanja, silinda ikhale ndi mpweya wokwanira ulendo wonse ndi wobwerera, ndipo yezani BP musananyamuke komanso mukangomusamutsira pa bedi lina. Wolandira wodwalayo mumuuze BP yotsikitsitsa imene inafikapo, ketamine ndi adrenaline amene walandira, nthawi imene munapereka rocuronium, ndi mphamvu ya adrenaline amene ali m'botolo, ndipo zonsezi zilembedwe mu failo.